Kalembedwe ka mbiri ya malemu amene anali msilikali komanso bambo wa banja

Pa maliro ambiri kuno ku Mangochi, mbiri ya malemu imalembedwa mothamanga usiku pa siwa, ndipo zimene zimawerengedwa mawa lake ndi tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi chiwerengero cha ana ndi zidzukulu zimene wasiya. Bambo amene anatumikira dziko ngati msilikali, nalera mbumba yake mokhulupirika, ayenera mbiri yoposa pamenepo. Popeza mabanja achisilamu amaika maliro msanga, mpata wabwino wofotokoza moyo wake mokwanira umapezeka pa sadaka ya masiku 40, pamene mabanja achikhristu angathe kutero pa mwambo wa chiliza.

Yambani ndi mapepala, chifukwa kukumbukira kwa anthu kumasokoneza zaka. Funani kabuku kapena kalata imene malemu anapatsidwa popuma ntchito, makalata a penshoni, mamendulo ndi zithunzi, ndipo mulembe nambala yake ya usilikali, chaka chimene analowa ntchito, malo amene anagwirako ndi udindo umene anapuma nawo. Ngati anapuma ali kopolo, mulembe kuti kopolo. Kumukweza kukhala sajeni pofuna kusangalatsa anamfedwa sikumuwonjezera ulemu, pakuti anzake amene anali naye limodzi adzakhala pomwepo akumvetsera, ndipo akamva bodza limodzi adzakayikira mbiri yonse.

Zaka zikadziwika, zimakuthandizani kuzindikira nthawi imene malemu anatumikira. Agogo amene anali a Keyala, ndiye kuti King's African Rifles, mwina anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), ku Madagascar kapena, mu 1944, ku Burma, pamene ena anatumizidwa ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Amene analowa dziko litalandira ufulu mu 1964 angakhale kuti anakhalako ku Cobbe Barracks ku Zomba, ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Moyale Barracks ku Mzuzu, kapena kwa asilikali a pamadzi ku Monkey Bay m'boma lathu lino. Ena analondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ena anali nawo pa Operation Bwezani mu Disembala 1993 polanda zida a Malawi Young Pioneers, ndipo a m'badwo wapafupi anakasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Musamuike malemu pa nkhondo chifukwa chongoona kuti zaka zikugwirizana. Lembani zokhazo zimene pepala kapena mnzake wa ku usilikali watsimikiza.

Gawo limene limafuna kuleza mtima kwambiri ndi la kunyumba, ndipo ine ndimaliona kukhala lofunika kuposa la yunifolomu. Khalani pansi ndi mayi wamasiye pa nthawi imene mtima wawo watsikako, ndipo musawafunse kuti, "Kodi bambo anali munthu wotani?" chifukwa yankho lake lidzangokhala lakuti anali munthu wabwino. Afunseni kuti, "Amayi, bambo akabwera patchuthi ankayamba kuchita chiyani pakhomo pano?" kapena kuti ndalama ya fizi ya ana inkafika bwanji pamene iwo anali kutali. Mafunso otere ndi amene amatulutsa munthu weniweni: amene ankadzuka m'mamawa kukasesa pabwalo, amene anaphunzitsa ana a mlongo wake, amene atapuma ntchito anagula bwato kuti banja lisagone ndi njala. Mukumbukirenso kuti mayi amene analera ana okha kwa miyezi yambiri mwamuna wawo ali ku ntchito ayenera kutchulidwa ndi dzina m'mbiriyo. Mukatero pitani kwa mwini mbumba, amene adzakuuzani molondola mudzi, mfumu ndi makolo a malemu, ndiponso ana onse oyenera kutchulidwa, kuti pasakhale wina wodzimva kuti wasiyidwa.

Asilikali ambiri sankakonda kukamba zimene anaona ku nkhondo. Ngati malemu anasankha kukhala chete pa zina, musazifukule pagulu.

Polemba, tsatani moyo wake monga unayendera, kuyambira kubadwa, sukulu kapena madarasa, usilikali, ukwati, kupuma ntchito, mpaka utumiki wake kumzikiti kapena kutchalitchi. Za matenda omaliza nenani mwachidule, monga banja lavomerezera. Mbiri yonse ikwane masamba awiri kuti anthu okhala padzuwa aimve mpaka kumapeto, ndipo ngati akuluakulu ambiri pamwambopo amamva bwino Chiyao, pezani womasulira. Musanaiwerenge pagulu, iwerengeni kaye pamaso pa mayi wamasiye, mwini mbumba ndi shehe kapena abusa, ndipo musankhe wowerenga wa mawu omveka amene angathe kudzigwira misozi ikabwera.

Mwambo ukatha, mwana aliyense alandire kope lake, ndipo mapepala ndi mamendulo ajambulidwe pa foni asanasungidwe pamalo pouma posafika chiswe. Kope lina mulipereke kwa anzake a malemu a m'bungwe la asilikali opuma la VELOM, amene amasonkhana mwezi wa Novembala chaka chilichonse pa mwambo wokumbukira asilikali amene anatisiya.