Mmene mungawerengere za mavairasi oyambitsa khansa osasokonezeka

Inu a ku KUHeS amene mutu uwu ukukuzunguzani, siyani kuloweza mayina a mapuloteni. Ine ndimawauza ophunzira kuti ajambule selo limodzi papepala, kenako pa vairasi iliyonse afunse: yadula buleki iti, nanga ikuponda moto pati? Selo la khansa lili ngati minibasi yotsetsereka ku Chikwawa mabuleki atafa, phazi la dalaivala likadali pa moto.

Yambani ndi vairasi ya HPV (human papillomavirus), poti amayi odwala khansa ya khomo la chiberekero mukumana nawo ambiri ku Queens. Jambulani p53, puloteni ya selo imene ili ngati buleki. Ntchito yake ndi kuimitsa selo DNA ikawonongeka, ndipo zikakanika kukonzeka imalilamula kuti life. E6, puloteni ya HPV, imagwira p53 mothandizidwa ndi puloteni ya selo yotchedwa E6AP n'kuipereka kuti iphwanyidwe. E7, puloteni inanso ya HPV, imamanga buleki ina yotchedwa pRb, puloteni ya E2F imene pRb imaigwira n'kumasuka, selo n'kuyamba kukopera DNA nthawi isanakwane. Apa khalanipo ndithu. Vairasiyi sikuti ikufuna khansa ayi, ikungofuna makina a selo okopera DNA akhale akugwira ntchito kuti nayonso ichulukane. Khansa imadza patapita zaka, zolakwika zitaunjikana popanda woziletsa. HPV 16 ndi 18 ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi, ndipo katemera amene Malawi idayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019 amateteza ku mitundu iwiriyi.

Kenako vairasi ya HHV-8, yoyambitsa khansa ya Kaposi sarcoma, imene Yuan Chang ndi Patrick Moore adaipeza mu 1994. Iyi ndi yoponda moto. Puloteni yake yotchedwa vGPCR imatumiza uthenga popanda woiyatsa, kudzera m'njira za m'selo zotchedwa PI3K/Akt ndi MAPK, maselo n'kutulutsa VEGF, puloteni yomeretsa mitsempha, timitsempha ta magazi n'kumera mwachisawawa. Ndiwo mawanga akuda mumawaona pamiyendo ndi m'kamwa mwa odwala amene HIV yawafooketsa chitetezo.

Vairasi ya Epstein-Barr (EBV) musamale nayo. Mabuku amatsindika puloteni yake ya LMP1, imene imatsanzira CD40 (puloteni yolandira uthenga pa selo) n'kusiya NF-κB, yoyatsa majini, ili chiyakire. N'zoona, koma mukafunsidwa za Burkitt lymphoma, yotupitsa nsagwada za ana ija, musathamangire LMP1. Kawirikawiri zotupazo zimangoonetsa puloteni ina ya EBV yotchedwa EBNA1. Chimene chikuyendetsa matendawo ndi MYC, jini yolamula selo kuti lichulukane, imene yachoka pa chromosome 8 n'kukakhala pa 14 pafupi ndi jini ya ma antibody, ndipo malungo obwerezabwereza amawonjezera mpata woti zimenezi zichitike.

Mukamaliza, tembenuzani pepalalo, mujambulenso osayang'ana. Muvi umene mwaiwala, mawa muyambire pomwepo.