Momwe mungapangire remix ya hip-hop ngati ya makedzana pa laputopu yanu

Mu 1994 Method Man anatulutsa chimbale cha Tical, ndipo m'menemo munali nyimbo ya "All I Need" yokhala ndi ng'oma zokhakhala za producer RZA. Chaka chotsatira nyimboyo inakonzedwanso, Mary J. Blige n'kuikamo mawu ake, ndipo ndi yachiwiriyi imene inapata Grammy mu 1996. Ambiri amene amaivina lero yoyambayo sanaimvepo. Umu ndi mmene remix ya nthawi imeneyo inalili: simangokhala nyimbo yomweyo yoonjezera phokoso, inkakuchititsani kumva munthu amene mumamudziwa kale ngati mukumumva koyamba.

Luso limeneli mungathe kuliphunzira ndi laputopu ndi mahedifoni basi. Mu 2003, 9th Wonder wa ku North Carolina anatenga mawu a Nas a m'chimbale cha God's Son n'kuwaikira ma beat ake onse, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya FruityLoops, yomwe lero ndi FL Studio imene yadzaza m'masitudiyo athu. Zida si vuto. Chimene chimasowa ndi khutu lofatsa.

Yambani ndi kumvetsera nyimbo ziwiriziwiri

Musanatsegule pulogalamu iliyonse, ikani nyimbo yoyamba ndi remix yake motsatizana, kenako dzifunseni kuti chasintha n'chiyani ndipo chasiyidwa n'chiyani. Mupeza kuti akale ankatsata njira zosiyana. Pa "Flava in Ya Ear" ya Craig Mack mu 1994, beat ya Easy Mo Bee inatsala momwemo, koma kunabwera The Notorious B.I.G., Rampage, LL Cool J ndi Busta Rhymes ndi ndime zatsopano. Anyamata a Coldcut ku London anatenga "Paid in Full" ya Eric B. ndi Rakim mu 1987 n'kuitalikitsa mpaka mphindi zisanu ndi ziwiri, akulowetsamo mawu a woimba wa ku Israel, Ofra Haza. Pomwe Pete Rock mu 1991 anasiya mawu a Chuck D a mu "Shut 'Em Down" ya Public Enemy, n'kugwetsa zonse za pansi pake, n'kumangapo zake ndi malipenga ndi bass yolemera.

Njira ya Pete Rock ndiyo ndikufuna muyese, chifukwa ndi imene imaphunzitsa zambiri. Mawu simuwakhudza. Ntchito yanu yonse ndi kuwamangira nyumba ina yoti akhalemo bwino.

Pezani mawu okhaokha

Kale mbale za mainchi 12 zinkatuluka ndi nyimbo, beat yopanda mawu, ndiponso nthawi zambiri acapella (mawu okhaokha opanda zoimbira), ndipo ma DJ ankadalira zimenezi. Jay-Z atatulutsa The Black Album mu 2003 anatulutsanso mawu ake okhaokha, ndipo ma remix anabadwa ambirimbiri. Acapella yotuluka kwa eni ake motere ndiyo yabwino. Masiku ano kuli mapulogalamu olekanitsa mawu ndi zoimbira, ndipo pophunzirira amathandiza, koma mvetserani bwino chifukwa amasiya tizotsalira ta snare (ng'oma yolira mothetheka) yakale m'mawu, timene timadzalimbana ndi ng'oma zanu. Ngati muli ndi mnzanu woimba rap, mpempheni mawu a nyimbo yake yakale, awatumize a WAV osati MP3 yomwe yadutsa m'mafoni khumi. Amenewo ndiye mwapeza mawu oyera komanso chilolezo pakamodzi.

Pezani liwiro, ndipo apa musathamange

Ma remix ambiri a ongoyamba kumene amafera pano. Hip-hop ya m'zaka za m'ma 1990 imayenda kwambiri pakati pa 85 ndi 100 BPM (kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi). Ikani nyimbo yoyambirira pa mzere umodzi m'pulogalamu yanu, werengani 1, 2, 3, 4 motsatira ng'oma, ndipo mumva snare ikugwa pa 2 ndi pa 4. Dinani batani la tap tempo motsatira kuwerengako mpaka nambala ikhazikike. Kenako ikani acapella pamzere wapansi pake ndipo muisunthe mpaka mawu a m'mizere iwiriyi amveke ngati a munthu mmodzi. Mukatero tsekani nyimbo yoyambirirayo, mutsale ndi mawu ndi metronome, kaphokoso kogunda motsatira liwiro limene mwapezalo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu. Choyamba, woimba rap nthawi zambiri sayambira pa 1. Amalowa msanga ndi mawu awiri kapena atatu, ndiye mukakankhira liwu loyamba pa 1 ndime yonse ipendekeka. Funani liwu limene iye walitsindika, limenelo ndilo likhale pa 1. Chachiwiri, nyimbo zakale zinkajambulidwa pa tepi ndiponso ma loop ake (tizigawo tolira mobwerezabwereza) ankachokera m'mbale zoimbidwa ndi anthu, choncho liwiro lake silikhala nambala yathunthu nthawi zonse. Mutha kuona poyamba zikugwirizana pa 92, koma pofika kumapeto kwa ndime mawu atsogola. Ndime ya ma bar 16 (bar ndi kuwerenga 1, 2, 3, 4 kamodzi) pa 90 BPM imatenga pafupifupi masekondi 43, ndiye pitani kumapeto kwake mukamve ngati mukadali limodzi. Ngati mwasiyana, yesani 92.3 kapena 92.5. Zikakanabe, dulani acapella pamene woimbayo akupuma mpweya, musunthe chidutswacho pang'ono. Kudula n'kwabwino kuposa kukoka mawu ndi pulogalamu, chifukwa mukawakoka kwambiri amayamba kumveka ngati a makina.

Ng'oma kaye, zina pambuyo

Ikani snare pa 2 ndi pa 4, hi-hat (kachitsulo kolira mofulumira) yosavuta, kenako muzimvetsera mawu poika kick, ng'oma yolira mozama. Kick isagwe paliponse pamene pali malo. Onani pamene woimbayo akugunda mawu ndipo muyankhane naye, ndiponso musaphimbe liwu lotsekera mzere, chifukwa ndi limene omvera amadikira. Makina a Akai MPC60 a mu 1988, omwe Roger Linn anathandiza kupanga, ankadziwika ndi swing, yomwe imachedwetsa pang'ono kugunda kwina kuti ng'oma zisamveke zouma. Ngati pulogalamu yanu imawerenga swing mofanana ndi MPC, kuyambira 50 mpaka 75, yesani pakati pa 54 ndi 62. Mutu ukayamba kugwedezeka wokha ndi ng'oma ndi mawu okha, mwafika. Ukapanda kutero, sampulo iliyonse (kachidutswa ka nyimbo yojambulidwa kale) imene muike pamwamba siithandiza.

Dzipatseni masekondi khumi okha

Makina a E-mu SP-1200, amene anatuluka mu 1987 ndipo Pete Rock ankawagwiritsa ntchito, ankasunga masekondi khumi okha a sampulo. Pofuna kusunga malo, ma producer ankaliza mbale yoyenera kuzungulira ka 33 pa mphindi pa liwiro la 45, n'kujambula, kenako n'kutsitsa liwiro lake m'makinamo, ndipo kukhakhala kumene anthu amakukonda m'nyimbo za nthawiyo kunachokera mbali ina pamenepo. Inu muli ndi malo osatha, ndipo ndi amene angakupwetekeni. Dziikireni malire omwewo: masekondi khumi, ng'oma ndi zonse.

Sankhani sampulo imene ikutsutsana pang'ono ndi nyimbo yoyamba. Ngati yoyambayo inali yaukali, yesani piyano yodekha, ndipo mudabwa kumva chisoni m'mizere imene munkaiyesa ya ndewu. Ngati inali yofatsa, ipatseni malipenga. Kubwereza mzimu womwewo ndi zoimbira zina n'kutaya nthawi. Iduleni sampuloyo tizidutswa zinayi kapena zisanu ndi zitatu ndipo muisanje mwatsopano.

Nayi njira yakale imene ndimaikonda kwambiri. Koperani sampuloyo pamzere wachiwiri, muikepo low-pass filter, sefa yochotsa phokoso lam'mwamba, mutsitse mpaka patsale kung'ung'udza kwa bass kokha. M'ndime lizani yosefedwayo kuti mawu akhale ndi malo, pofika pa kolasi tsegulani yathunthu. Nyimbo imamveka ngati yakula pamenepo chonsecho simunaonjezere kanthu. Chenjezo limodzi: ngati kolasi ndi yoimba osati ya rap, sampulo iyenera kugwirizana nayo kiyi. Ikwezeni kapena itsitseni semitone imodziimodzi (sitepe imodzi pa kiyibodi) mpaka zikumane, ndipo zikakana, funani ina.

Phunzirani kuchotsa

Remix inayambira ku Jamaica, kumene akatswiri monga King Tubby ankazimitsa ndi kubwezera zoimbira pa nyimbo yojambulidwa kale, ndipo DJ Kool Herc, amene phwando lake la pa 11 August 1973 ku 1520 Sedgwick Avenue ku Bronx limatengedwa ngati chiyambi cha hip-hop, anabadwira ku Kingston komweko. Kuzimitsa kumeneku kukadali chida champhamvu. Pezani mzere wabwino koposa m'ndime iliyonse, muzimitse ng'oma kapena zonse kwa bar imodzi, woimbayo aunene yekha, kenako zonse zibwerere pa 1. Kamodzi pa ndime n'kokwanira.

Posakaniza, mawu akhale patsogolo. Dulani zonse za pansi pa 80 Hz m'mawuwo kuti asalimbane ndi kick, ndipo reverb, yomwe imapangitsa mawu kumveka ngati ali m'holo, ikhale yochepa. Mvetserani pa mahedifoni, pa foni ndi pa sipika yaing'ono, igone usiku umodzi, m'mawa mumvenso. Ngati pali liwu limene simukulimva bwino pa foni, tsitsani sampulo, musakweze mawu.

Musanaiike pa intaneti

Mu 1991 khoti la ku New York linagamula kuti Biz Markie ndi kampani yake analakwa potenga mbali ya nyimbo ya Gilbert O'Sullivan popanda chilolezo, ndipo kuyambira pamenepo makampani anayamba kupempha chilolezo pa sampulo iliyonse. Mu 2004 Danger Mouse anasakaniza mawu a Jay-Z aja ndi nyimbo za The Beatles, ndipo a kampani ya EMI, eni zojambulidwa za The Beatles panthawiyo, anamulembera kuti asiye kufalitsa. Nyimbo imakhala ndi umwini pawiri, wa amene anaipeka ndi wa amene ali ndi chojambulidwacho, ndipo remix yanu ikhoza kukhudza onse awiri pa mawu komanso pa sampulo. Kulemba dzina la mwini wake pansi pa nyimbo n'koyenera, koma si chilolezo.

Choncho ya mawu a akatswiri a ku America ikhale yophunzirira kunyumba. Imene mukufuna kutulutsa ikhale ya mawu a mnzanu amene wavomera, ndipo mulemberane pa pepala za kagawidwe ka ndalama. Sampulo muimbe nokha pa kiyibodi kapena muitane woimba gitala, mujambule, muidule monga mmene mukanadulira mbale yakale. Ngati mtima uli pa nyimbo yakale ya kuno kwathu, funani mwini wake kapena abale ake, ndipo a COSOMA, omwe amayang'anira za umwini wa nyimbo m'Malawi motsatira lamulo la mu 2016, ndi oyenera kuwafunsa poyamba.