Mmene mungakonzere sewero lonyogodola za pa TV ndi anthu otchuka

Musanagwire cholembera, khalani pansi muonere TV kwa sabata yathunthu ngati munthu amene walembedwa ganyu yoonera. Nkhani za usiku, pologalamu yocheza ndi alendo, ya nyimbo, ya zophikaphika, pa MBC, Times, Zodiak, Mibawa, paliponse pamene rimoti yakufikitsani. Achinyamata amene ndimachita nawo zisudzo kuno ku Chibavi mu Mzuzu amadana nalo gawo limeneli chifukwa mtima wawo uli pa kamera, koma popanda limeneli mudzangokhala mukukuwa mutavala wigi. Chimene mukusaka ndi zizolowezi: mmene muulutsi amapendeketsera mutu akafuna kuoneka wachifundo, mmene amasanjira mapepala nkhani zikatha, mmene mlendo amayambira yankho lililonse ndi kuthokoza kuti amuitana. Lembani zonsezo m'kope monga mwazionera, osawonjezera kanthu.

Tsono lamulo langa ndi limodzi. Tsanzirani ndendende, kenako musinthe chinthu chimodzi chokha.

Titenge nkhani ya mwambo wopereka thandizo, imene sisowa pa nkhani za usiku. Zonse zikhale mmene zimakhalira. Tenti ikhalepo, mipando yapulasitiki ikhalepo, wotsogolera mwambo atchule maudindo a alendo mmodzimmodzi mpaka anthu atope, amayi avine, bwana wa suti afike mochedwa. Mtolankhani alankhule ndi mawu olemera aja. Chosintha chikhale mphatso yokha: ndowa imodzi, ndipo mabwana asanu aigwirire pamodzi kuti aliyense aoneke pa chithunzi. Kenako mtolankhani apite kwa agogo amene alandira n'kufunsa funso limene tonse timalidziwa, "Agogo, mukumva bwanji?" Agogo ayankhe mwaulemu wonse kuti athokoza kwambiri, ndipo akupempha ena akufuna kwabwino kuti athandizeko chivundikiro. Basi. Musaike bwana wogwa pa mpando, musaike galu wothamangitsa mtolankhani. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi, woonera saonanso TV imene amaidziwa, amangoona anyamata akupanga phokoso.

Ndipo wosewera asaseke. Asatsinzinire kamera, asasonyeze m'njira iliyonse kuti akudziwa kuti zikuseketsa. Muulutsi wanu akhulupirire ndi mtima wonse kuti ndowa ija ndi nkhani yaikulu ya dziko. Ngati muli ndi mnzanu amene amaphulika msanga, mupatseni ntchito yogwira foni.

Za anthu otchuka, ndimalangiza kuti muumbe munthu wanuwanu m'malo motsanzira woimba kapena muulutsi wina wodziwika. Chifukwa choyamba n'chakuti mlandu umachepa. Chachiwiri, chimene ndimachiona chachikulu, n'chakuti munthu woumba amatha kusenza makhalidwe a anthu khumi nthawi imodzi, ndipo woonera aliyense amaikapo dzina la amene akumuganizira. Mupatseni nyimbo imodzi yokha koma akhale ndi manejala, womugwirira ambulera ndi womutsegulira chitseko. Anapita ku Johannesburg masabata awiri, pobwera Chichewa chayamba kumuvuta, nsima akuifunsa kuti imadyedwa bwanji. Amakwera kabaza kuchokera ku Zolozolo n'kutsikira pakona kuti afike pa hotelo akuyenda wapansi, makiyi agalimoto ya eni ali m'manja. Wapambana mphoto ya woimba wa chaka chifukwa amalume ake anagulitsa mbuzi n'kugula mayunitsi ovotera. Mukamuika pa mpando wocheza naye, muulutsi amufunse funso lalitali lokhala ndi yankho lake kale mkati, iye angoti "ndithu, ndithu."

Munthu ameneyu mumusunge. Chipewa chomwecho, kayendedwe komweko, mawu amodzi amene amawabwereza sewero lililonse. Amalawife timagwira dzina la m'sewero kuposa la mwini wake. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi ambiri timawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo. A Bon Kalindo analowa m'nyumba ya malamulo mu 2014 anthu akuwatchulabe Winiko, ndipo a Michael Usi atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, m'minibasi ankangoti Manganya. Sewero limodzi labwino limaiwalika pakatha mwezi, pamene munthu wobwerabwera anthu amayamba kumufunsa akasowa.

Ife a ku Mzuzu tili ndi munda wathu umene anzathu a ku Blantyre ndi Lilongwe sangalime. Wailesi zambiri za kanema zili kumeneko, ndipo mmene zimationera ife ndi nthabwala kale. Woimba wabwera ku Mzuzu Stadium, wakuwa "Monire mose!" kamodzi, Chitumbuka chake chathera pomwepo, chotsala ndi "yewo" amene akumuponya paliponse ngakhale pomwe akufunsa njira. Muulutsi akulimbana ndi dzina la Mchengautuwa mpaka kungoti "dera lina mumzindawu." Wolosera zanyengo waima pa mapu mutu wake utaphimba kuyambira Karonga mpaka Mzimba. Mtolankhani wotumidwa kuno mu Juni wavala majekete awiri, ndipo lipoti lake lonse ndi la kuzizira, nkhani imene anabwerera waiwala. Sakanizani Chichewa ndi Chitumbuka mmene timalankhulira pa Taifa kapena ku Zigwagwa, osachita manyazi. Ingoikani mawu olembedwa pansi kuti wa ku Mulanje naye atsatire.

Mukasowa nkhani, kumbukirani kuti mbiri ya TV yathu ndi yaifupi ndipo ili ndi zake. Nthawi ya Kamuzu dziko lino linalibe wailesi ya kanema. Television Malawi inayamba mu 1999, ndipo pofika 2003 aphungu anali atagwirizana kale zoletsa pologalamu ya Big Brother Africa pa kanemayo ati ikuononga chikhalidwe, khoti lalikulu n'kudzachotsa chiletsocho. Mkangano umenewo sunathe. M'nyumba zambiri muli bambo amene amadzudzula pologalamu mokweza koma sasuntha pa mpando mpaka ithe, ndipo amadziwa dzina la aliyense wa mmenemo. Bambo ameneyo ndi sewero lathunthu payekha.

Zipangizo zisakudetseni nkhawa. Foni yokhala ndi kamera yabwinoko ikukwana. Suti ndi tayi mupeza pa kaunjika, tebulo la nkhani ndi tebulo lodyera lokutidwa ndi nsalu yamtundu umodzi, chizindikiro cha wailesi mujambula pa katoni. Chimene chimagwetsa masewero ambiri ndi mawu. Anthu amakhululuka chithunzi chosaoneka bwino, koma akapanda kumva nthabwala amadutsa. Gulani kamaikolofoni kokanikiza pa kolala, kapena bisani foni yachiwiri m'thumba la jekete kuti izijambula mawu okha. Jambulani m'mawa pafupi ndi windo kuti musadalire magetsi, ndipo ngati denga ndi lamalata yang'anani kumwamba kaye, poti mvula ya kuno siitanidwa. Podula ndi kulumikiza, CapCut imagwira ntchito pa foni pomwepo. Musaiwale kamzere koyenda pansi pa nkhani kaja. Ndi malo abwino obisamo nthabwala yachiwiri, monga kulengeza kuti woimba wathu uja wasintha chithunzi chake pa Facebook ndipo dziko lidekhe.

Kutalika kusapitirire mphindi zitatu. Bandulo ndi yodula, ndipo munthu akaona kuti kanema ndi wamphindi khumi amasunga kuti adzaonera mawa, mawa lakelo osafika.

Pali zina zoti musamale nazo. Musagwiritse ntchito dzina kapena chizindikiro cha wailesi yeniyeni, pekani zanu zosafanana nazo kwambiri. Musanamizire munthu weniweni mlandu, chibwenzi kapena matenda n'kumati ndi nthabwala. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 lilipo, ndipo anthu anamangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Nyimbo za eni zili ndi umwini wake, umene COSOMA imayang'anira, choncho pemphani mnzanu wa kiyibodi ya kutchalitchi akupangireni kanyimbo kotsegulira nkhani. Kakamveka kotchipa pang'ono ndiye bwino kumene. Mukafuna kukaonetsa seweroli mu holo anthu n'kumalipira pakhomo, kafunseni za chilolezo ku Censorship Board musanamate mapositala. Pojambula pamsika, pemphani kaye kwa akuluakulu a msika ndi kwa mayi amene benchi yake ilowe mu kanema.

Ndiye pali funso la amene mukumuseka. Mu sewero la ndowa lija, agogo ndi amene ali ndi nzeru kuposa onse, ndipo oseketsa ndi mabwana ndi mtolankhani. Mukatembenuza kuti anthu aziseka umphawi wa agogo, chilema cha munthu, khungu lake kapena mtundu wake, mwasiya kunyogodola TV, mwayamba kuchita zomwezo zimene zimatinyansa pa TV. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Amene anasankha yekha kuima kutsogolo kwa kamera ndi magalasi akuda usiku, ameneyo ndi wanu.

Mukamaliza kudula, musathamangire kuponya pa intaneti. Onetsani kaye munthu amene sanali nawo pojambula ndipo sakukuopani, monga azakhali anu kapena wometa tsitsi wa pa Chiputula. Musamufotokozere kanthu, mungomupatsa foni n'kumayang'ana nkhope yake. Pamene wayamba kuyang'ana kumbali, lembani mphindi yake, mukadule pamenepo ngakhale patakhala pa mzere umene inuyo mumaukonda kwambiri. Akafunsa kuti "kodi ameneyu si uja wa pa TV?" musavomere ndipo musakane. Ponyani madzulo anthu ataweruka, ndipo mukonzenso kope lina laling'ono loti lizitha kuyenda pa WhatsApp osadya bandulo yambiri.