Kunyanyala mabasi osataya ntchito: njira ya ku Montgomery

Kunyanyala kumatha mphamvu anthu akayamba kuchedwa kuntchito. Anthu akuda a ku Montgomery, ku Alabama m'dziko la America, anakana mabasi atsankho kwa masiku 381 chifukwa anali atakonza mayendedwe awoawo.

Yambani ndi tsiku limodzi. Rosa Parks atamangidwa pa 1 December 1955 chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando wake m'basi, mphunzitsi Jo Ann Robinson anasindikiza timapepala zikwizikwi usiku womwewo, topempha anthu kuti asakwere basi Lolemba pa 5 December. Mabasi atayenda pafupifupi opanda anthu, msonkhano wa madzulo ku Holt Street Baptist Church unagwirizana zopitiriza. Musalonjeze mwezi musanaone kuti anthu akutsatani.

Musadalire matakisi. Eni matakisi akuda anatsitsa mtengo kufika masenti 10, wofanana ndi wa basi, koma apolisi anawaopseza ndi lamulo loti mtengo usachepere masenti 45. Zitatero, Martin Luther King Jr., mtsogoleri wa kunyanyalaku, anafunsa nzeru kwa m'busa T. J. Jemison, amene anakonza zonyamulana pa kunyanyala mabasi kwa mumzinda wa Baton Rouge mu 1953. Eni galimoto pafupifupi 300 anadzipereka.

Malo okwerera akhale amitundu iwiri. Am'mawa ayandikire kumene anthu amagona, makamaka pamatchalitchi, pomwe munthu angabisale mvula. Amadzulo ndiwo ovuta, chifukwa amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu ankaweruka ali omwazikana m'tauni monse. Pamalo paliponse pakhale wouza madalaivala kolowera. Rosa Parks nayenso anagwirapo ntchitoyi.

Wokwera asalipire m'galimoto, kuopa kuti boma linganene kuti mukuchita bizinesi yopanda chiphaso. Ndalama za mafuta ndi matayala zizichokera m'zopereka za pamisonkhano. Georgia Gilmore ndi anzake ankagulitsa zakudya n'kukapereka phindu lake.

Apolisi akayamba kusakasaka zifukwa, madalaivala asaphwanye lamulo ngakhale laling'ono. King anamangidwa mu January 1956 pomuganizira kuti wayendetsa mamailosi 30 pa ola pamalo a 25. Inshuwalansi ya galimoto zomwe matchalitchi anagula inathetsedwa, mpaka T. M. Alexander, wogulitsa inshuwalansi wa ku Atlanta, anakapeza ina ku Lloyd's of London, msika wa inshuwalansi wa ku Britain.

Kasumeni kukhothi msanga. Pa 13 November 1956 woweruza wa ku Montgomery analetsa kunyamulana kuja, koma tsiku lomwelo khothi lalikulu la dzikolo linagamula pa mlandu wa Browder v. Gayle, umene anthu akuda anasuma mu February, kuti tsankho la m'mabasi n'losemphana ndi malamulo. Anthu anayendabe pansi mpaka chigamulocho chitafika mumzindawo pa 20 December.