Mmene timapatsirana mabuku kuno ku Dedza popanda kudana

Anzanga okonda kuwerenga, anthu amandifunsa kawirikawiri kuti inu a ku Dedza mabuku mumawatenga kuti poti kuno mabuku a nkhani sapezeka chisawawa ngati ku Lilongwe, nde ndati ndingolemba mmene timachitira ife kuti wina wa ku Ntcheu kaya ku Lobi kaya ku Mtakataka akafuna ayambe zake. Tilipo anthu 8, ena aphunzitsi, wina ndi telala, wina amagulitsa mbatata ya kachewere, timakumana Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse masana. Nthawi ya June ndi July kuja kukamazizira mpaka zala kukanika kutsegula tsamba timalowa m'nyumba n'kuzungulira mbaula, tiyi ali pamoto, aliyense buku lake pamwendo.

Lamulo lathu loyamba ndi ili, buku limene ukufuna kulitamanda ubwere nalo m'manja. Kumuuza munthu kuti buku lakuti ndi lokoma zedi pomwe iye alibe kolipeza ndi kungomuutsira njala basi. Ngati unaliwerenga kalekale kwina ndipo ulibe, unene komwe likupezeka, kaya ku laibulale ya sukulu, kaya kwa munthu amene angavomere kubwereketsa. Izi zinatithandiza kwambiri chifukwa poyamba tinkangokamba za mabuku amene palibe analiwona, tikumwazikana aliyense chimanjamanja.

Tsopano kafotokozedwe kake, apa mpamene ambiri timalakwitsa. Mawu oti "ndi labwino, muliwerenge" sakopa munthu aliyense. Ife timati unene zinthu zitatu, likukamba za chani, pamalo pati pamene linakugwira mtima mpaka kuiwala kuti ndiwo zili pamoto, komanso ukuganiza kuti mwa ife amene lingamukomere ndani. Chachitatuchi ndi chimene chimapangitsa kuti buku lichoke m'manja mwako tsiku lomwelo. Mwachitsanzo ine nditawerenganso Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara lija linatuluka mu 1933, sindinayambe ndi zoti Ntara anali mphunzitsi wa ku Nkhoma kapena zoti T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934, zimenezo ndinazinena pambuyo anthu atafunsa. Ndinatembenukira kwa achimwene athu atelala aja n'kuwauza kuti achimwene, inu mumadandaula tsiku lililonse za mnyamata wanu kuti wasanduka mbuzi yopanda chingwe, tengani ili muwone mwana wovuta mmene ankakulira m'mudzi kalelo, mundiuze ngati mavutowa ayamba lero. Analitenga osafunsanso kawiri. Ambiri bukuli analiwerengera mayeso n'kumaloweza mayina a anthu okha, ndiye munthu ukaliwerenga uli wamkulu wopanda mantha a mayeso umapezamo zina zimene sunaziwone.

Mathero a nkhani musaulule chonde. Amene wafa, amene wakwatiwa, amene wamangidwa, zisiyeni, mnzanu akazipeze yekha. Koma zovuta za bukulo muzinena, ngati masamba 30 oyamba ndi otopetsa nenani kuti apa pirirani likoma kutsogolo, ngati Chingerezi chake ndi cholimba nenaninso, chifukwa munthu ukamunamiza kamodzi ulendo wina sakukhulupiriranso. Ndipo amene sanalimalize asachite manyazi, anene kuti ine landikanika pa tsamba lakuti, nthawi zambiri nkhani yokoma pa tsikulo imachokera pamenepo, wina akuti mwasiyira pabwino pomwe, wina akuti ayi inenso ndinangolikakamiza.

Za kubwereketsa ndiye ndikambepo zambiri chifukwa maubale amathera apa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, zoona, koma kuika kwake kukhale kolemba. Tili ndi kope limodzi la masamu lija, limakhala ndi munthu mmodzi, mmenemo timalemba dzina la buku, mwini wake, amene watenga, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza, wotengayo n'kusaina. Timapereka mwezi umodzi, kufikira pokumana pena, ukafuna kuwonjezera upemphe pamaso pa onse. Ndipo buku lobwereka sulibwereketsanso kwa munthu wina, ngakhale akhale mlamu wako kapena abusa, ubweze kaye kwa mwini wake iye ndi amene avomere. Lamulo limeneli linabwera nditataya buku limene bambo anga anandisiyira, ndinabwereketsa mnzanga, iye anapatsa mlongo wake, mlongo wakeyo anapita nalo kumudzi, litabwera patatha miyezi 7 masamba akumapeto kunalibe, ana anang'amba akuti ankakulungira zitumbuwa. Munali zolemba za bambo anga m'mphepete mwa masamba ndi pensulo. Mpaka lero zimandiwawa, nde sindifuna wina zimuchitikire.

Kusamala kwake sikovuta. Buku lililonse lisanayambe kuyenda timalikuta ndi pepala lolimba kaya kalendala yakale, pamwamba pulasitiki, jumbo yoyera imakwana, n'kumata ndi selotepi. Dzina la mwini lilembedwe mkati komanso pa tsamba lina lapakati, khava ikachoka dzina limatsala. Kuno chinyezi ndi chambiri, nkhungu ya m'mawa ija ndi mvula yosalekeza, buku ukalisiya pansi kapena kuligunditsa kukhoma limachita nkhungu, chiswe nachonso sichichedwa, ndiye liikeni pamwamba pouma. Osapinda ngodya ya tsamba, kapepala ka mayunitsi kogwiritsa kale ntchito kaja n'kokwanira kusungira pomwe mwalekezera. Pa minibasi liikeni m'chikwama osati m'thumba la kumbuyo.

Mabuku atsopano timapeza chonchi, aliyense amaponya kangachepe mwezi uliwonse, zikakwana amene ali ndi ulendo wa ku Lilongwe amatenga ndalamazo ndi mndandanda wa zimene tagwirizana. Anyamata oyala mabuku akale m'mbali mwa msewu aja amakhala ndi zinthu zabwino pamtengo woti n'kunenerera, koma musanalipire tsegulani muwone tsamba lomaliza ngati lilipo, ndi pakati ngati sipanathothoke. Mabuku a Chichewa ndi a za mpingo yang'anani ku sitolo ya mabuku ya CLAIM, a mbiri ndi chikhalidwe cha Malawi ambiri ndi osindikizidwa ndi a Kachere a ku Zomba. Amene amapita kutauni pafupipafupi alembetse ku laibulale ya boma ya National Library Service, bungwe limeneli lilipo kuchokera pa lamulo la mu 1967 ndipo ndi lathu tonse, kungoti buku la kumeneko lisalowe m'kope lathu lozungulira, wotengayo awerenge yekha abweze pa nthawi yake adzangotifotokozera.

Musaiwale amene sangathe kuwerenga okha. Agogo a panyumba pamene timakumanirapo maso anafooka, ankangokhala pakhomo kumvetsera, tsiku lina mmodzi wa ife anabwera ndi Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe n'kuwafunsa kuti agogo, tikuwerengereni pang'ono? Anavomera. Tsamba limodzi lisanathe anakweza dzanja kuti imani kaye ana inu, kwathu kwa Angoni sitinkachita choncho, n'kuyamba kufotokoza zawo, wowerengayo chala chili pomwe analekezera, tiyi mpaka kuzizira palibe anamwa. Kuyambira pamenepo mphindi 15 zomaliza timawerenga mokweza, ndipo amasankha ndi agogowo. Ana a sukulu amene ankangodutsa nawonso pano amaima pazenera.

Chinanso chimene ndimalimbikitsa, mwa mabuku amene mukuzungulitsa pakhale limodzi lokamba za kwathu konkuno. Tinawerengapo kabuku kofotokoza zojambula za m'mapanga a ku Chongoni, zija UNESCO inaziika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse mu 2006, anthu atatu mwa ife anavomera kuti anabadwira m'boma lomwe lino koma sanapiteko. Mwezi wotsatira m'malo mokhala pa mbaula tinapita konko. Pano tikukambirana zopita ku Mua, ku Kungoni kumene amasungirako za chikhalidwe, tikamaliza lina la za Gule Wamkulu limene likuyenda panopa.

Gulu lisakule kwambiri, mukapitirira anthu 10 ena salankhula ndipo kope limasokonekera, bola mugawane magulu awiri muzisinthana mabuku pakatha miyezi itatu. WhatsApp igwiritseni ntchito pokumbutsana tsiku ndi kujambula khava ya buku limene mukubwera nalo, nkhani yeniyeni muisungire pokumana. Amene akufuna kuyamba, pezani anthu atatu okha, aliyense abwere ndi mabuku awiri amene ali nawo kunyumba ngakhale akale, mugule kope ndi selotepi, tsiku loyambalo mulembe mabuku onse 6 m'kopemo ndi kuwakuta musanapatsane.