Kuika kachizindikiro m'mphepete mwa mzere wa tebulo ndi CSS

CSS ndi malamulo okonzera maonekedwe a tsamba la pa intaneti. Musanayambe, khalani ndi fayilo ya kachizindikiroko, makamaka ya SVG (mtundu wa fayilo ya chithunzi), monga chenjezo.svg, ndipo siyani mpata wokwanira kumanzere kwa tebulo.

1. Patsani mzerewo (tr mu HTML ya tsambalo) dzina la class, lomwe CSS idzauzindikirire, monga chenjezo.
2. Pa selo (kabokosi ka mu tebulo, td) loyamba la mzerewo, tr.chenjezo td:first-child, lembani position: relative, kuti malo a kachizindikiroko aziyezedwa kuchokera pamenepo.
3. Pa ::before (yomwe imaika chinthu koyambirira kwa zam'kati) ya selo lomwelo, lembani content: url(chenjezo.svg), position: absolute ndi left: -24px.
4. Chotsani overflow: hidden pa chilichonse chokuta tebulolo, apo ayi kachizindikiroko kadulidwa.

Samalani kwambiri pa gawo lachitatu. Ambiri amaika ::before pa tr, koma mapulogalamu ena otsegulira masamba a pa intaneti amachitenga ngati selo latsopano, ndipo mzere wonsewo umasunthira kumanja n'kusiyana ndi mitu ya pamwamba.