Kuyendera mzinda wa Florence ku Italy m'tsiku limodzi

Musapite Lolemba. Tsikuli Uffizi ndi Accademia, nyumba ziwiri zotchuka zosungiramo zithunzi ndi ziboliboli, sizitsegula. Gulani matikiti pa intaneti nthawi ikadalipo, okhala ndi ola lolowera, ndipo musankhe malo awiri okha. Mukawonjeza lachitatu tsiku lithera pamzere.

Kuchokera ku Rome, sitima ya Frecciarossa kapena Italo imatenga pafupifupi ola limodzi ndi theka. Pazikwangwani mzindawu umalembedwa kuti Firenze, ndipo potsikira ndi pa Santa Maria Novella, osati Campo di Marte kapena Rifredi. Ngati mwakwera sitima ya regionale (yoima m'masiteshoni ambiri) ndi tikiti ya pepala, idinditseni pamakina musanakwere, apo ayi mulipira chindapusa. Galimoto isiyeni: pakati pa mzinda pali dera la ZTL, loletsedwa kwa magalimoto opanda chilolezo; makamera amajambula nambala, chindapusa n'kukutsatirani kwanu.

Yambani ndi Duomo, tchalitchi chachikulu cha mzindawu, mphindi 10 wapansi kuchokera pasiteshoni. Denga lake lozungulira, lomwe katswiri wa zomangamanga Brunelleschi anamaliza mu 1436, lili ndi masitepe 463 ndipo chikepe palibe. Njira yake ndi yopanikiza moti kubwerera pakatikati n'kovuta, choncho amene ali ndi vuto la mtima kapena maondo asayese. Kwerani m'mawa kusanatenthe. Chikwama chachikulu salowa nacho, komanso m'tchalitchimo mapewa ndi maondo ayenera kuphimbidwa.

Nkhomaliro idyereni ku msika wa Mercato Centrale. Lawani lampredotto, chifu cha ng'ombe chophika chomwe amaika m'buledi. Khofi womwa mutaimirira pakauntala ndi wotchipa kuposa wapatebulo, ndipo m'malesitilanti bilu imabwera ndi coperto, ndalama yongokhalira pampando. Si kuba ayi, ndi mmene amachitira.

Masana patsani Uffizi maola awiri, ambiri mwa iwo m'zipinda za zithunzi zomwe anajambula Botticelli. David (chiboliboli chotchuka) amene waima pabwalo la Piazza della Signoria ndi wotengera chabe; weniweni, yemwe Michelangelo anamaliza kusema mu 1504, ali ku Accademia kuyambira mu 1873. Kwa wa tsiku limodzi, wapanjayo akukwanira.

Olokerani pa Ponte Vecchio, mlatho wa 1345 wodzaza masitolo a golide, kenako mukwere chitunda cha Piazzale Michelangelo kukaona mzinda wonse dzuwa likulowa. Kubwerera ku siteshoni wapansi ndi pafupifupi mphindi 40, ndiye nyamukani pamwambapo kukadali ola lathunthu sitima isanachoke.